Wilhelm Cauer

Wilhelm Adolf Eduard Cauer (24 Juni 1900 – 22 Epulo 1945) anali katswiri wa masamu komanso wa sayansi ya magetsi wa ku Germany. Amadziwika kwambiri chifukwa cha ntchito yake pa masefa a magetsi, zipangizo zimene zimalola mafunde ena kudutsa n'kutsekereza ena mu wailesi, m'mafoni ndi m'makina ena otumizira mauthenga. Poyamba mainjiniya ankalumikiza zidutswa za sefa zomwe ankazidziwa kale, kenako n'kuyesa kuti aone ngati zachita zimene ankafuna. Cauer anatembenuza kachitidweka. Anasonyeza kuti munthu angathe kuyamba ndi kulemba zimene akufuna kuti sefa ichite, ndipo masamu n'kumuuza zipangizo zofunika, kukula kwake ndi malumikizidwe ake. Njira imeneyi imatchedwa network synthesis, ndipo Cauer ndi mmodzi mwa anthu amene anaiyambitsa.

Mtundu wina wa sefa, wotchedwa elliptic, umadziwikanso ndi dzina lake mpaka lero. Masamu ake ndi amene amagwirabe ntchito pokonza timasefa ting'onoting'ono ta mafunde a microwave timene timapangidwa pa seramiki. Ngakhale zinali choncho, kwawo ku Germany sanapatsidwe mpando wokhazikika wa upulofesa pa yunivesite iliyonse. Anaphedwa ndi asilikali a Soviet Union mumzinda wa Berlin, kutatsala masiku ochepa kuti nkhondo yachiwiri yapadziko lonse ithe ku Ulaya. Anali ndi zaka 44.

Ubwana ndi maphunziro

Cauer anabadwira ku Berlin m'banja la anthu ophunzira. Bambo ake, omwe dzina lawo linalinso Wilhelm Cauer, anali pulofesa wa zomangamanga za njanji pa sukulu ya ukachenjede ya Technische Hochschule ya ku Berlin. Mnyamatayu anayamba kukonda masamu ali ndi zaka pafupifupi 13. Anaphunzira pa Kaiserin Augusta Gymnasium ndipo kenako pa Mommsen Gymnasium, sukulu za sekondale za mumzinda womwewo. Chakumapeto kwa nkhondo yoyamba yapadziko lonse analowa usilikali kwa kanthawi kochepa.

Nkhondo itatha anapitiriza maphunziro. Poyamba mtima wake sunali pa mawaya a foni ayi. Nkhani yake yoyamba ya sayansi, yomwe inasindikizidwa mu 1923, inali yokhudza chiphunzitso cha Albert Einstein cha general relativity. Posakhalitsa anasiya mbali imeneyi n'kulowa za magetsi, ndipo mu 1924 anamaliza maphunziro ake a fizikisi pa Technische Hochschule, pomwe bambo ake ankaphunzitsa.

Ntchito yake yoyamba anaipeza ku Mix & Genest, kampani ya ku Berlin yopanga zipangizo za telefoni. Kumeneko ankawerengera zinthu ngati izi: anthu ambiri akamayimba foni nthawi imodzi, pakufunika mizere ingati kuti asamapeze njira yotseka? Mu 1925 anakwatira Karoline Cauer, yemwe anali wachibale wake, ndipo banjali linadzakhala ndi ana asanu ndi mmodzi. Vuto lopeza ndalama zodyetsera banjali ndi limene linamusunthasuntha Cauer pafupifupi moyo wake wonse.

Vuto la masefa m'nthawi yake

Mawu a munthu akalowa mu foni amasanduka mafunde a magetsi. Funde lililonse limagwedezeka kangapo pa sekondi imodzi, ndipo chiwerengero chimenechi chimatchedwa frequency. Chimayezedwa mu hertz. Kuti mawu amveke bwino pa foni pamafunika mafunde oyambira pa ma hertz 300 kufika pa 3,400.

Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900, chinthu chodula kwambiri pa telefoni ya mtunda wautali chinali waya wa kopa. Makampani anapeza njira yotumizira zokambirana zambiri pa waya mmodzi. Ankakweza mawu a munthu aliyense kuwaika pa gawo lakelake la ma frequency, magawowo n'kuwandandalika motsatizana. Kumapeto kwa wayayo pankafunika chipangizo chopatula gawo lililonse kuti wina asamve za mnzake. Chipangizo chimenechi ndiye sefa ya magetsi, yomwe mainjiniya amaitchula kuti filter.

Dzina loti sefa likuyenera. Sefa ya ufa imalola ufa wosalala kudutsa, misere n'kutsala pamwamba. Sefa ya magetsi ina imalola ma frequency otsika okha, ina okwera okha. Imene inkafunika kwambiri pa telefoni ndi ya bandpass, yomwe imakana otsika kwambiri ndi okwera kwambiri n'kulola apakati okha, ngati mmene womanga nyumba amasefera kawiri kuti achotse fumbi ndi miyala ikuluikulu n'kutsala ndi timiyala tapakati. Masefawa ankapangidwa ndi makoyilo ndi makapasita. Koyilo ndi waya wokulungidwa amene amavutitsa mafunde ogwedezeka mofulumira, pamene kapasita imavutitsa ogwedezeka pang'onopang'ono.

Sefa yotereyi inatulukiridwa cha mu 1915 ndi anthu awiri omwe sankagwirira ntchito limodzi: George Campbell wa kampani ya AT&T ku America ndi Karl Willy Wagner wa ku Germany. Otto Zobel, yemwenso anali wa ku AT&T, anaiwongolera ndipo anasindikiza njira yake mu 1923. Njira ya anthuwa inkaganizira sefa ngati unyolo wa zigawo zofanana wopanda mapeto. Unyolo wotere kulibe. Sefa yeniyeni ili ndi zigawo zochepa ndipo imathera pa waya kapena pa chipangizo china, choncho zotsatira zake sizinkafanana ndendende ndi zimene anawerengera. Injiniya ankawonjezera gawo lina kuti asalakwitse, n'kuyesa, n'kukonzanso. Masefawo ankagwira ntchito ndithu, ndipo makampani anadalira njirayi kwa zaka zambiri. Koma palibe amene akanatsimikiza kuti sefa imene wapanga ndi yabwino koposa zonse zotheka, kapena kuti sanawonongepo makoyilo ena pachabe. Makoyilo anali olemera ndiponso odula.

Panali chifukwa chinanso chofunira sefa yakuthwa. Ngati sefa ikudula pang'onopang'ono, pakati pa gawo la munthu mmodzi ndi la mnzake pamayenera kusiyidwa mpata waukulu wopanda ntchito. Mpatawo ukachepa, waya yemweyo amanyamula anthu ambiri.

Digiri ya udokotala ndi makwerero a Cauer

Mu 1924 Ronald Foster wa ku America anasindikiza lamulo la masamu lofotokoza khalidwe la circuit iliyonse yopangidwa ndi makoyilo ndi makapasita okhaokha. Circuit ndi zipangizo zolumikizidwa pamodzi kuti magetsi aziyendamo. Foster anasonyezanso mmene munthu angamangire circuit kuchokera pa masamuwo. Cauer anaona msanga kuti apa pali poyambira ntchito yaikulu, ndipo ankalemberana makalata ndi Foster pamene ankalemba kafukufuku wake wa digiri ya udokotala. Anamaliza mu 1926 moyang'aniridwa ndi Georg Hamel, pulofesa wa masamu ku Berlin. Mutu wake unali wokhudza kupanga circuit imene imatsekereza magetsi molingana ndi zimene munthu walamuliratu pa frequency iliyonse.

Mu kafukufukuyu Cauer anatenga chida chakale cha masamu chotchedwa continued fraction. Kagwiritsidwe kake n'kofanana ndi kugawa kwa nambala komwe ana amaphunzira ku pulayimale, kungoti sikuthera pa ulendo umodzi. Munthu amagawa, n'kulemba yankho, n'kutembenuza chotsala, n'kugawanso, mpaka chotsala chitatha. Cauer anasonyeza kuti yankho lililonse ndi kukula kwa chipangizo chimodzi. Loyamba limapereka koyilo, lachiwiri kapasita, lachitatu koyilo ina, motero basi. Zipangizozi zikalumikizidwa, chithunzi chake papepala chimaoneka ngati makwerero ogonekedwa pansi. Mitundu iwiri ya makwererowa imatchedwa mtundu woyamba ndi wachiwiri wa Cauer, ndipo imaphunzitsidwabe m'mayunivesite. Anasonyezanso kuti njirayi imagwira pa circuit ya marezisita ndi makapasita, komanso ya marezisita ndi makoyilo.

Kuchokera pamenepa anagawa ntchito yonse yokonza sefa m'mafunso atatu, ndipo anathera moyo wake akuwayankha. Funso loyamba ndi loti, kodi zimene munthu akufunazi n'zotheka ndi zipangizo zenizeni? Si zonse zolembedwa papepala zimene zingamangidwe. Mwachitsanzo, sefa yodula ngati mpeni, yolola funde lina lonse n'kukaniratu loyandikana nalo, siingapangidwe ndi zipangizo zowerengeka. Funso lachiwiri likuchokera pomwepo: poti changwiro n'chosatheka, ndi masamu ati amene amachiyandikira kwambiri? Lachitatu ndi loti, pa ma circuit osiyanasiyana amene amachita zofanana, ndi iti imene ili yotsika mtengo kapena yosavuta kumanga? Lero mafunsowa amaoneka ngati odziwikiratu, koma mu 1926 mainjiniya ambiri a telefoni sankaganiza motere.

Göttingen ndi America

Mu 1927 Cauer anapita ku yunivesite ya Göttingen kukagwira ntchito yofufuza pansi pa Richard Courant. Nthawi imeneyo Göttingen inali likulu la masamu padziko lonse, ndipo David Hilbert ndi Emmy Noether ankaphunzitsa kumeneko. Mu 1928 anapeza chilolezo chophunzitsa pa yunivesite. Udindowu unali waulemu koma wopanda malipiro okhazikika, ndipo chuma cha dziko la Germany sichinali bwino. Mu 1930 anapeza thandizo la ndalama kuchokera ku bungwe la Rockefeller, ndipo anasamuka ndi banja lake kupita ku America kukachita kafukufuku ku MIT ndi ku Harvard.

Ku MIT anagwira ntchito ndi Vannevar Bush, yemwe ankamanga makina owerengera masamu. Makinawa sanali ngati kompyuta za masiku ano. Ankagwiritsa ntchito magudumu, zitsulo zozungulira ndi magetsi poyerekezera vuto la masamu. Cauer anachita nawo chidwi chifukwa njira yake inali ndi chilema chimodzi chachikulu: inkafuna kuwerengera kwambiri, ndipo cholakwika chaching'ono chinkakula pa sitepe iliyonse. Anakumananso ndi akatswiri a masefa a ku Bell, monga Campbell, Zobel, Foster, Hendrik Bode ndi Sidney Darlington.

Ali ku MIT komweko anapereka mutu wa kafukufuku kwa wophunzira wina, Otto Brune, yemwe anabadwira ku Bloemfontein m'dziko la South Africa ndipo anaphunzira ku Stellenbosch asanapite ku America. Mu 1931 Brune anayankha funso loyamba la Cauer pa circuit ya mawaya awiri yokhala ndi makoyilo, makapasita ndi marezisita pamodzi. Anapeza chizindikiro cha masamu chosonyeza ngati circuit ingamangidwe kapena ayi, ndiponso njira yoimangira. Pambuyo pake Brune anabwerera kwawo ku South Africa.

M'chaka chomwecho cha 1931 buku loyamba la Cauer linatuluka ku Berlin. Dzina lake ndi Siebschaltungen, ndipo mawu oti Sieb m'Chijeremani amatanthauza sefa yeniyeni ya kukhitchini. Atagwirako ntchito pang'ono ku kampani ya Wired Radio mumzinda wa Newark, anabwerera ku Göttingen ali ndi cholinga chomanga makina ake owerengera. Ndalama sizinapezeke chifukwa cha mavuto a zachuma amene anagwa padziko lonse, ndipo makinawo sanamalizidwe.

Sefa ya elliptic

Pa funso lachiwiri, loyandikira changwiro, Cauer anatenga nzeru kwa akatswiri a masamu a ku Russia a zaka za m'ma 1800. Pafnuty Chebyshev anaphunzitsa kuti ngati cholakwika sichingathe, ndi bwino kuchimwaza mofanana paliponse kusiyana ndi kuchisiya chiunjikane pamalo amodzi. Wophunzira wake, Yegor Zolotarev, anapititsa patsogolo ganizoli mu 1877. Onsewa sankaganizira za telefoni. Cauer ndiye anabweretsa masamu awo pa masefa.

Kusiyana kwake kumaoneka bwino poyerekeza masefa atatu okhala ndi zigawo zofanana kuchuluka. Sefa ya Butterworth, imene Stephen Butterworth wa ku Britain anaifotokoza mu 1930, imadutsitsa mafunde ofunika mosalala bwino, koma imachedwa kudula osafunika. Sefa ya Chebyshev imalola kuti mphamvu ya mafunde ofunika izikwera ndi kutsika pang'ono, ndipo posinthanitsa ndi zimenezi imadula mofulumirirapo. Sefa ya elliptic, imene Cauer anaikonza m'zaka za m'ma 1930, imalola kukwera ndi kutsika kumeneku mbali zonse ziwiri, kwa mafunde ofunika komanso kwa osafunika. Mafunde osafunika satheratu onse, koma sapitirira mlingo umene injiniya waika. Pa ma frequency ena osankhidwa, pafupi ndi malire, sefayi imatsekeratu osadutsitsa kanthu. Malo otsekeratuwa ndi amene amapangitsa malire ake kukhala akuthwa. Pa chiwerengero chilichonse cha zigawo, palibe sefa ina imene imadula mwachangu kuiposa.

Ubwino umenewu uli ndi mtengo wake. Sefa ya elliptic imachedwetsa mafunde ena kuposa anzake, makamaka apafupi ndi malire, zomwe zimapotoza uthenga. Imafunanso zipangizo zopimidwa bwino kwambiri. N'chifukwa chake siinachotse pa ntchito mitundu inayo. Koma paliponse pamene malo ndi ochepa ndipo mafunde osafunika ali pafupi ndi ofunika, mainjiniya amaiganizira msanga.

Cauer sanali yekha panjirayi. Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1930 Darlington ku America ndi Hans Piloty ku Germany anafika pa zotsatira zofanana, zokhudza sefa yolumikizidwa kumene ku zipangizo zenizeni mbali zonse ziwiri. Nkhani ya Darlington ya 1939 ndi imene inawerengedwa kwambiri m'mayiko olankhula Chingelezi. Zolemba za Cauer zinali m'Chijeremani, zinali ndi masamu ovuta, ndipo nkhondo inazitsekera m'dziko limodzi.

Ulamuliro wa chipani cha Nazi

Adolf Hitler anatenga boma mu Januwale 1933, ndipo mu Epulo chaka chomwecho panatuluka lamulo lochotsa Ayuda pa ntchito za boma, kuphatikizapo m'mayunivesite. Gawo la masamu ku Göttingen linaphwasuka m'miyezi yochepa. Courant anachoka n'kukathera ku New York, Noether anapita ku Bryn Mawr, ndipo Hermann Weyl anapita ku Princeton.

Cauer anatsala, koma nayenso anakhudzidwa. Zinadziwika kuti mmodzi mwa makolo ake akale anali Daniel Itzig, Myuda yemwe ankayendetsa za ndalama kwa mfumu Frederick II ya ku Prussia ndipo anamwalira mu 1799. Ubalewu unali wakutali kwambiri moti malamulo a tsankho sanamuchotsetse ntchito, koma unali wokwanira kumutsekera njira. Anapatsidwa dzina la pulofesa popanda mpando wake. Munthu amene ankadziwika ku MIT ndi ku Bell analephera kupeza malipiro okwanira pa yunivesite ya kwawo chifukwa cha kholo lomwe linamwalira zaka zoposa 100 iye asanabadwe.

Pofika 1935 anali ndi ana atatu ndipo ndalama sizinkakwana. Anasiya yunivesite n'kubwerera ku makampani. Mu 1936 anagwira ntchito kwa kanthawi ku Fieseler mumzinda wa Kassel, kampani yopanga ndege imene inapanga ndege yaing'ono ya asilikali yotchedwa Storch. Kenako anabwerera ku Mix & Genest ku Berlin ngati mkulu wa labotale. Kuyambira 1939 ankaphunzitsanso pa Technische Hochschule ya ku Berlin pambali pa ntchito yakeyo.

Buku lake lalikulu ndi imfa yake

Mu 1941, nkhondo ili mkati, gawo loyamba la buku lake lalikulu linasindikizidwa. Dzina lake ndi Theorie der linearen Wechselstromschaltungen, ndipo linasonkhanitsa ntchito yake ya zaka 15. Gawo lachiwiri silinachite mwayi. Mapepala ake oyambirira anawonongeka chifukwa cha nkhondo. Cauer analembanso, koma sanathe kusindikiza, ndipo mapepala atsopanowo nawonso anatayika.

Kumayambiriro kwa 1945 zinali zoonekeratu kuti Berlin igwa. Cauer anatenga ana ake n'kukawasiya kwa achibale ku Witzenhausen, tauni yaing'ono ya m'chigawo cha Hesse. Anthu anamuletsa kubwerera ku Berlin, koma iye anabwerera. Asilikali a Soviet Union anayamba nkhondo yolanda mzindawo pa 16 Epulo. Pa 22 Epulo Cauer anagwidwa ngati chikole ku Marienfelde, dera la kummwera kwa Berlin, ndipo anawomberedwa. Mzindawo unagonja pa 2 Meyi, ndipo dziko lonse la Germany linagonja pa 8 Meyi. Mtembo wake unapezeka nkhondo itatha m'dzenje limene anakwiriramo anthu ambiri ophedwa mofananamo.

Pa nthawi yomweyo akazitape a Soviet Union ankasakasaka asayansi a ku Germany kuti akawagwirire ntchito, ndipo dzina la Cauer linali pamndandanda wa anthu ofunidwawo. Asilikali amene anamuwombera sankadziwa kuti akupha munthu amene akuluakulu awo ankamufuna wamoyo.

Banja lake ndi akatswiri anzake ndi amene anapulumutsa zotsala. Gawo loyamba linatulukanso mu 1954 litawonjezeredwa, ndipo mu 1958 linamasuliridwa m'Chingelezi ndi dzina loti Synthesis of Linear Communication Networks. Gawo lachiwiri linatuluka mu 1960. Si buku limene iye analemba lija ayi, koma zolemba zake zina zimene anazisonkhanitsa potsatira dongosolo lomwe anasiya.

Ntchito yake pa masefa a microwave ndi seramiki

Vuto la kuwerengera, limene Cauer ankafuna kulithetsa ndi makina ake, linatha kompyuta zitabwera. M'zaka za m'ma 1950 ndi 1960 panatuluka mabuku a matebulo momwe injiniya ankangoyang'ana kukula kwa koyilo ndi kapasita iliyonse, ndipo njira yakale ya unyolo wopanda mapeto inayamba kusiyidwa.

Cauer ankagwira ntchito ndi mafunde a telefoni, ogwedezeka maulendo masauzande pa sekondi. Mafunde a microwave, amene Wi-Fi, GPS, masetilaiti ndi nsanja za mafoni zimagwiritsa ntchito, amagwedezeka maulendo mabiliyoni. Pa liwiro lotere koyilo ndi kapasita wamba sizichita zimene zimayembekezeredwa, chifukwa ngakhale kawaya kolumikizira kamayamba kuchita ngati koyilo. M'malo mwake mainjiniya amagwiritsa ntchito timizere tachitsulo todulidwa pa utali woyezedwa bwino. Kamzere kotere kamatchedwa resonator, ndipo kamayankha pa frequency yakeyake monga mmene chingwe cha gitala chimalirira molingana ndi utali wake. Mu 1948 Paul Richards wa ku America anasonyeza mmene masamu a makoyilo ndi makapasita angasandutsidwire kukhala masamu a timizere timeneti. Kuchokera pamenepo makwerero a Cauer analowa m'ntchito ya microwave. Wokonza sefa ya bandpass amayamba ndi makwerero apapepala, amasankha ngati akufuna Butterworth, Chebyshev kapena elliptic, kenako amasandutsa nambalazo kukhala utali wa timizere ndi mipata ya pakati pake.

Seramiki imabwera pofuna kuchepetsa kukula kwa sefa. Funde la Wi-Fi la 2.4 gigahertz limatalika masentimita 12.5 mumpweya, ndipo resonator yodziwika kwambiri imakhala gawo limodzi mwa magawo anayi a utali umenewu, kutanthauza masentimita opitirira pang'ono atatu. Sefa imodzi imafuna ma resonator angapo, choncho siingakwane m'chipangizo cha m'manja. Koma funde likalowa m'seramiki limayenda pang'onopang'ono ndipo limafupika. Kufupikako kumadalira nambala yotchedwa dielectric constant, ndipo kumatsata square root yake. Alumina, seramiki yoyera yolimba, ili ndi nambala yoyandikira 10 ndipo imafupikitsa funde pafupifupi katatu. Seramiki ya nambala 36 imalifupikitsa kasanu ndi kamodzi, moti resonator ija imatsika kufika pa mamilimita asanu okha. Pali maseramiki ena okhala ndi titanium amene nambala yake imafika 80 kapena 90.

Njira ina yofala imatchedwa LTCC. Opanga amatenga timapepala tofewa ta seramiki yosawotcha, amasindikizapo timizere ta siliva, amatisanjikiza, n'kutiwotcha pamodzi. Motowo umayenera kukhala wa madigiri pafupifupi 900 kapena kucheperapo, chifukwa siliva amasungunuka pa madigiri 962. Sefa yonse imakhala mkati mwa kanjerwa kamodzi ka mamilimita ochepa. Zovuta zake woumba mbiya aliyense angazizindikire: dongo limanyala likamapsa, ndipo kunyala kosiyana pang'ono ndi kumene anawerengera kumasuntha frequency ya sefa. Seramiki iyeneranso kukhala yosasintha khalidwe kukatentha kapena kukazizira. Ndipo resonator ikachepa kwambiri imataya mphamvu yambiri ngati kutentha, zomwe zimafooketsa uthenga wofunika.

Apa ndi pamene sefa ya elliptic imathandiza. Resonator iliyonse yowonjezera imadya malo ndiponso mphamvu, choncho wokonza amafuna malire akuthwa ndi ma resonator ochepa. Kuti apeze malo otsekeratu aja, amalumikiza mwadala ma resonator awiri osatsatizana, monga loyamba ndi lachinayi, kuti funde liziyenda njira ziwiri. Pa frequency yosankhidwa mafunde a njira ziwirizo amafika motsutsana n'kufafanizana. Ali Atia ndi Albert Williams a ku COMSAT ku America anakhazikitsa njira yowerengera malumikizidwe oterewa kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970, pokonza masefa a masetilaiti, komwe kulemera kulikonse kumadula. M'seramiki yosanjikiza kulumikizaku n'kosavuta, chifukwa resonator yoyamba ingathe kuikidwa pamwamba penipeni pa yomaliza. Nthawi zambiri masefa oterewa amakhala ndi malo otsekeratu amodzi kapena awiri okha, osati onse amene masamu a Cauer amalola, ndipo n'chifukwa chake m'mabuku amatchedwa quasi-elliptic.